Mapepala Anasutidwa, Galasi Linatsala

Amayi anzanga, ndi abambo ochepa amene mwakhala kumbuyoko, mosheliwa nonse, ndiwo moni wa kwathu. Ambiri mukundidziwa. Ena mumandidziwa kuti ndine make Estere wa kuchigayo cha kuseri kwa msika wa Migowi. Ena, musabise nkhope, mumandidziwa chifukwa munandilumphapo nditagona m'ngalande. Onsewo ndine ndemwe. Ine kusukulu sindinapondeko, posayina ndimadinda chala, ndiye mawu awa akulemba ndi mwana wanga Estere. Ndamuuza kuti asakonze kalikonse, ngakhale pamene pakununkha.

Ndaimirira chifukwa ndamva kuti ena mwa inu amuna anu anakusiyirani bizinesi ndi bokosi la mapepala amene simukuwadziwa mutu wake. Enanso, ndakuonani maso, mwayamba kulawa kuti mtima ukhale pansi. Njira ziwiri zonsezo ndinaziyenda mpaka kumapeto, ndiye tcherani khutu.

Bambo a Estere anali munthu wa manja. Anayamba ndi njinga, kugula nandolo m'midzi ya kunsi kwa Michesi n'kumadzagulitsa pa Migowi. Njinga inabala chigayo, chigayo chinabala lole. Inali lole yakale, yotsokomola m'mawa ngati nkhalamba ya fodya, koma nandolo inkamufikitsa ku Limbe. Ankayendetsa okha.

Chaka chilichonse nandolo akayamba kuuma, ankapita kutauni kukalipira inshuwalansi ya loleyo. Ankabwera ndi mapepala, komanso kena kakang'ono kozungulira ngati pakamwa pa kapu, komata pagalasi lakutsogolo kuti apolisi apamsewu aziona. Madalaivala amati disiki. Anzawo akamamata yatsopano, yakale amaipala ndi lezala. Iwo ayi. Ankati, "Msilikali savula nyota zake. Wapolisi akaona mzere wonsewu adziwa kuti mwini lole si wozembazemba." Ndiye madisiki ankangondandalikana m'mphepete mwa galasi, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Womata ndinali ine. Ankati dzanja langa ndi lamwayi. Ndinkapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, kumata, kenako tonse awiri kugwira chiwongolero n'kupemphera. Zaka zisanu ndi ziwiri, madisiki asanu ndi awiri. Zolembedwapo sindinkazidziwa. Chinanso, munthu uja anali wokonda zotchipa. Kampani ikakweza mtengo, chaka chamawa ali kwina.

Chaka china kunagwa ngozi. Akutsika pamsewu wa m'munsi mwa phiri, dzuwa lili pamutu, anagunda munthu wa panjinga amene ananyamula nkhuni zokagulitsa. Dzina lake a Khoviwa. Mwendo wakumanja unaphwanyika, kuchipatala anaudulira m'bondo. Bambo a Estere anapitako kawiri ndi shuga ndi buledi. Ulendo wachitatu manyazi anawagwira miyendo. Ine sindinapiteko ndi kamodzi komwe, ndinkaopa kuona. Patapita miyezi kunayamba kubwera makalata a zidindo. Ndikafunsa ankangoti, "Za amuna izi, zitha zokha," n'kuponya m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Amayi inu, kalata ya kukhothi si nthochi yoti uvundike ipse yokha. Akulu anati mlandu suola. Ife tinkayesa waola.

Zaka zinadutsa. Lole inafa injini, tinaikweza pamiyala pabwalo, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Chaka chomwecho bambo a Estere anagwa m'munda mwa chinangwa, magazi atathamanga, osadzukanso.

Apa ndiye ndithamange, chifukwa potsetsereka munthu sachedwa.

Titameta, abale atabalalika, nyumba inandikulira. Estere ankakhala kuchigayo tsiku lonse ndi mwamuna wake. Ine kungokhala pakhonde, kuyang'ana lole yakufa. Ndinali mayi wa yunifolomu kutchalitchi, mowa ndinkaudziwa kungoti otheka wa pamwambo. Ndiye panali Nabanda, mnzanga wa kuchitsime, amene amatcheza kachasu kumapeto kwa mudzi. Anati, "Make Estere, mudzafa ndi maganizo. Bwerani mudzalawe katoti kamodzi, mtima ukhale pansi." Mtima unakhaladi pansi. Mawa lake unafunanso. Mwezi usanathe, toti inasanduka botolo lathunthu la velemoti.

Ndalama za chigayo Estere anayamba kundibisira, ndipo anachita bwino. Ine ndinatembenukira lole. Ndinayamba ndi batire. Kenako matayala, mipando, nyale, zitseko. Ndinaidya lole ija ngati chiswe. Nabanda pa nthawiyo ankamanga kachipinda komweramo makasitomala, zenera analibe. Anati, "Galasi lija likungodya dzuwa pabwalo panu. Ndipatseni, mumwa mwezi wathunthu osatulutsa kanthu." Anabwera amuna awiri, kulizula, kukalimangira m'khoma ndi dothi. Anthu ankachita kubwera kudzaona nyumba ya kachasu ya zenera ngati sitolo ya ku Limbe.

Lole itatha, linatsala bokosi. Inu mukudziwa kuti pamalo a mowa fodya wa chingambwe amakhalapo, chimasowa ndi pepala lopichirira. Ndinatsegula bokosi la malemu, ndinaona mapepala mpaka pakamwa. Ndinati awa ndi ndalama. Mapepala atatu, toti imodzi. A zidindo aja ankawadandaula kuti ndi olimba, akuwawa kukhosi. Koma panali ena opyapyala, ofewa, amenewo ankachita kulimbirana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ofewawo ndi amene anali a inshuwalansi. Zaka zisanu ndi ziwiri za thukuta la mwamuna wanga zinatulukira m'mphuno za zidakwa, ine ndili pomwepo, ndikuseka.

Tsiku lina m'mawa, Lachiwiri, kuchigayo kunaima galimoto. Munatuluka amuna ovala bwino, atanyamula fayilo. Anati ndi masherifu, atumidwa ndi khothi. Mlandu wa a Khoviwa unaweruzidwa kalekale ife kulibe, chifukwa woitanidwa sanapiteko. Khothi linalamula chipukutamisozi, palibe analipira, ndiye abwera kudzalemba katundu. Analemba mota, analemba chigayo, analemba sikelo, mpaka benchi lokhalapo amayi. Anati, "Tikubweranso. Tikadzabwera, tidzabwera ndi lole."

Estere sanagone panjira. Anapita kuboma kwa maloya amene amathandiza anthu osauka. Kumeneko anamuuza chinthu chimene ife tonse sitinkachidziwa. Anati inshuwalansi ikatha chaka chake siifa. Imayankhabe pa ngozi iliyonse imene inachitika masiku amene inali yamoyo, ngakhale lole itawola, ngakhale mwini wake ali kumanda. Anati, "Pezani dzina la kampani ya chaka chimenecho ndi nambala yake. Mukapeza, tipempha khothi liimitse masherifu. Koma fulumirani."

Anabwera akuthamanga, nkhope ikuwala.

"Amayi, bokosi la ababa lili kuti?"

"Lilipo."

Analikoka pansi pa bedi, kutsegula. Munali mphemvu ziwiri ndi chingwe cha nsapato.

"Mapepala ali kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Amayi, ndikufunsa. Mapepala?"

"Anasuta."

"Anasuta ndani?"

"Anthu. Kwa Nabanda."

Akanakuwa bwenzi zili bwino. Akanandimenya ndikanathokoza. Anatseka bokosi pang'onopang'ono ngati akutseka bokosi la maliro, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Munamwa lole, ndinakhala chete. Ndinkati ndi ya amuna anu. Koma chigayo chija chimadyetsa ana anga anayi ndi inu nomwe. Lero mwamwa ndi ufa wa adzukulu anu."

Mukuganiza kuti ndinalapa pomwepo? Ayi ndithu. M'mawa mwake ndinalawirira kwa Nabanda, ndinamwa kuposa masiku onse. Mmene ndinachokera sindikudziwa. Ndinadzidzimuka ndili m'ngalande ya kuseri kwa msika, dzuwa lili paliwombo, ntchentche zili pakamwa.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandipeza, ndipo sanabwere atavala zoyera.

Choyamba kumva chinali chitenje chachilendo chitandifunda miyendo. Wina anandibisa maliseche. Nditatsegula diso ndinaona phazi limodzi, la nsapato ya tayala, ndi ndodo ziwiri zoyendera. Mwendo winawo wa buluku unali womangidwa mfundo pabondo.

"Dzukani mayi, dzuwa likuwambani. Imwani madzi awa."

Ndinamwa. Munthuyo anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, kuika ndodo zake pambali. Manja ake anali akuda ndi girisi. Ndinadzadziwa kuti amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango chapafupi pomwepo, ndipo chitenje anachita kubwereka kwa mayi wogulitsa tomato.

Ndinati, "Mukundidziwa?"

Anati, "Ndingalephere bwanji? Ndinu akazi a malemu amene anandichepetsera mtengo wa nsapato. Anzanga amagula ziwiri, ine imodzi."

Anali a Khoviwa. Zaka zonsezo ndinkazungulira njira kuti ndisakumane nawo, lero andipeza ndili m'matope. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, osaseka, osakwiya, kenako anati:

"Ine inandigwetsa ndi lole ya matani atatu. Nanga inu chakugwetsani n'chiyani?"

Ndinalira ngati mwana. Polira ndinayamba mwano, monga zimachitira zidakwa. Ndinati, "Mwabwera kudzandiseka? Tengani chigayocho, mukhute!"

Anati, "Chigayo ndichite nacho chiyani, mayi? Thumba la chimanga ndilikweza ndi mwendo uti? Ine ndimafuna mwendo wopanga, ndiyende ngati munthu, ndi malata pa nyumba ya ana anga. Loya wanga zaka zonsezi ankalemba makalata kufunsa chinthu chimodzi: inshuwalansi yanu ndi ya kampani iti? Amuna anu akanangoyankha liwu limodzi, bwenzi masherifu simukuwadziwa."

Ndinati, "Mapepala anapsa onse. Mwinanso chaka chimenecho sanalipire, ine ndidziwa bwanji?"

Anati, "Analipira. Ndinaona ndi maso angawa."

"Munaona kuti?"

"Pamsewu. Nditagona chagada, lole itaima pamwamba panga, anthu akukuwa, chimene ndinkaona ndi galasi lokha. M'mphepete mwake munali timapepala tozungulira, titandandalikana ngati mabatani a malaya. Ndinkatiwerenga kuti ndisakomoke. Kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. Ndikafika pamwamba, kuyambiranso. Kapamwambako kanali katsopano, kowala, koma kokhota, ngati anamata ndi munthu woledzera. Mpaka lero ndikatseka maso ndimakaona."

Amayi, mowa unandithera m'mutu nthawi yomweyo ngati wina wandithira madzi a mu Phalombe mwezi wa Juni.

Kokhota! Sanamate woledzera, nthawi imeneyo ndinali ndisanalawe. Ndinamata ndine, ndi dzanja limodzi, chifukwa dzanja linalo linanyamula khanda. Linali tsiku limene tinatulutsa m'chikuta mwana wachiwiri wa Estere. Bambo a Estere anafika kuchokera kutauni anthu ali pabwalo, anati, "Mata msanga, mwanayu atipatse mwayi." Khanda linapiriphita, disiki inapendekeka. Iwo anaseka, anati isiye, yakhota ngati khosi la mdzukulu wako.

Ndipo galasi limenelo ndinkalidziwa kumene lili. Chaka chathunthu ndinkakhala pansi pake, msana nditatsamira khoma, ndikumwa.

Ndinagwira dzanja la a Khoviwa. Munthu wa mwendo umodzi ndi amene anandidzutsa m'ngalande, wa miyendo iwiri ine.

Estere nditamuuza sanakhulupirire. Anati, "Ndi inu mukulankhula kapena ndi kachasu?" Ndinati, "Nditsekere m'nyumba masiku atatu, ukandifunsenso." Ananditsekeradi. Musanamizidwe kuti kusiya mowa ndi kungokweza dzanja m'tchalitchi. Ndinanjenjemera, ndinasanza, thukuta linanyowetsa mphasa, ndinatukwana mwana wanga yemwe kudzera pazenera. Iye ankangolowetsa phala ndi thobwa, n'kutsekanso. Tsiku lachinayi anandifunsa, ndinanena zomwezo, osasintha liwu. Anati, "Tiyeni."

Kulowa kwa Nabanda uli bwinobwino ndi nkhondo ina. Fungo lija linandilonjera tili kumpanda. Anzanga akale anali kale pamabenchi, m'mawa womwewo.

"Eee, abwera anganga a mapepala! Lero mwatitengera a mtundu wanji?"

Nabanda anathira toti n'kundiikira pamphuno. "Yaulere iyi, ya kukulandirani. Tinkayesa mwafa."

Dzanja langa linanyamuka lokha. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, linanyamuka. Ndinalibweza ndi linzake, kuliika m'khwapa. Ndinati, "Nabanda, sindinabwerere zimenezo. Ndabwerera galasi."

"Galasi liti? Ili ndi langa. Munamwera, mwezi wathunthu, mboni ndi awa."

"Ndi lanu, sindikukana. Koma lili ndi mawu a malemu amene angapulumutse chigayo. Khoma ndigumula ndine, ndimanganso ndine, njerwa ndiumba ndi manja angawa. Mkamwini wanga akuikirani zenera la matabwa."

Anayang'ana galasi, kuyang'ana ine. "Mawu ake ati? Ine ndimalipukuta tsiku ndi tsiku, palibe chilipo."

Ndinaliyang'anitsitsa. Zoonadi, galasi linali loyera mbee, disiki ndi imodzi yomwe osaoneka. Estere anandiyang'ana ndi diso lija. Koma ndinakumbukira kuti amisiri aja polimanga analilowetsa m'khoma mozama, kuopa kuti lingagwe. Mphepete yonse inali m'dothi. Ndinapempha supuni. Khasu ayi, supuni. Ndinagwada pabenchi n'kuyamba kukokota dothi pang'onopang'ono, ngati ndikufukula mbatata yanthete.

Chidakwa china chinati, "Anganga, mukuvutikiranji? Ngati mukufuna zimene zinalembedwa pa mapepala aja, nditengeni akandijambule chifuwa kuchipatala. Zonse zili muno!"

Anaseka onse. Ine kukokotabe. Kenako supuni inagunda kanthu kosalala. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, monga kale. Kozungulira. Kenanso pamwamba pake. Awiri apansi anali ataola ndi chinyezi, koma enawo analipo. Akanakhala poyera, zikhadabo za zidakwa zikanawapala kalekale. Dothi la nyumba ya mowa ndi limene linawasunga. Ndinawerenga kuchokera pansi: imodzi, ziwiri, zitatu. Yachinayi, yokhota.

Estere anagwada pambali panga, kuwerenga dzina la kampani mokweza. Kenako anandigwira phewa. Chimwalirire bambo ake, kanali koyamba kundigwira mwachikondi. Nabanda naye, tisamunamizire, anabweretsa bulangete lake kuti tikulungire galasi. Anati, "Tengani, koma njerwa zanga ndizione."

Disiki yokalamba siimatuka, ukaikoka imang'ambika. Estere anajambula pafoni, koma loya anati zithunzi n'zabwino, komabe mutenge galasi lenilenilo, asadzati mwapanga. Ndiye tinakwera nalo minibasi pa Migowi kupita ku Blantyre, litakulungidwa ngati wodwala. Kondakitala anati, "Anganga, ameneyu alipira mipando iwiri. Nanga lole yake ili kuti, ikubwera pambuyo?"

Ndinati, "Lole ndinamwa, bambo. Latsala ndi ili."

Basi yonse inafa ndi phwete. Ine ndinasekanso, koma mumtima ndinadziwa kuti aka n'koyamba kunena tchimo langa pagulu, ndipo sindinafe nalo. Galasi ndinalifungatira pamiyendo njira yonse. Pabampu paliponse ndinkati, "Yesu!"

Kutauni tinapeza kuti kampani ya dzina lija kulibenso, inalowa m'manja mwa ina. Tinafunsa, tinayenda, tinaipeza inayo. Padesiki panali mayi wa magalasi m'maso. Estere anatchula dzina la bambo ake ndi nambala ya lole. Mayiyo anagogoda kompyuta, anapukusa mutu. "Zakale choncho sizinalowe muno. Zili m'mafayilo kunyumba yosungira, ndipo kumeneko sitifufuza ndi dzina. Popanda nambala ya inshuwalansi, pepani."

Ndinati, "Estere, vundukula."

Tinaliika galasi la lole padesiki ya muofesi yozizira ija, dothi la kwa Nabanda likuyoyokera pakapeti. Anthu anasiya ntchito. Mayi uja anavula magalasi ake, kuvalanso. Nambala yodinda ndi makina inkaoneka bwinobwino. Koma masiku, amene analemba ndi bolopeni, dzuwa linali litawadya.

Anaitana abwana ake. Abwanawo anati, "Nambala ndi yathu. Koma madisiki pano ndi ambiri, makampani ndi osiyana. Mukudziwa bwanji kuti ngozi inagwa nthawi ya iyi? Anthu ambiri amachedwa kulipira, ngozi n'kugwa pakati."

Pamenepo ndinaimirira. Ndinati, "Bwana, ine kuwerenga sindidziwa, koma sindiiwala. Iyi ndinamata ndine, tsiku lotulutsa mdzukulu wanga m'chikuta. Ngozi inagwa Lachisanu lotsatira. Estere, onetsa." Estere anatulutsa khadi la kusikelo la mwana uja, pali tsiku lobadwa. Anatulutsanso buku la kuchipatala la a Khoviwa, limene anatibwereka okha, pali tsiku limene anawagoneka. Ndinati, "Ndipo amene anagundidwayo anaiona ili pamwamba pa zinzake, yokhota chonchi. Mukafuna, abwera adzanene."

Abwana aja anayang'ana khadi, kuyang'ana buku, kuwerengera ndi zala. Anati, "Mubwere pakatha masabata awiri."

Titabwerera, fayilo inali padesiki, yachikasu ndi ukalamba, m'mphepete modyedwa ndi njenjete. M'kati munali pepala, mnzake wa lija anasuta kwa Nabanda, siginecha ya bambo a Estere ili pansi. Inshuwalansi inayamba kugwira ntchito masiku asanu ndi limodzi ngozi isanachitike.

Ndisakunamizeni kuti ndalama zinatuluka mawa lake. Kampani inayamba yakana, inati tinachedwa kuiuza za ngozi, ndipo pamenepo sinkanama. Maloya anakokanakokana, wathu, wa a Khoviwa ndi wawo. Ife tinapita ku Blantyre kasanu. Koma khothi litaona fayilo ija linaimitsa masherifu, ndipo pomaliza kampani inalipira. Sinalipire zonse, inalipira kufika pamene malemu anagwirizana nayo. Zotsalazo tinakhala pansi ndi a Khoviwa pamaso pa maloya, tinalemberana kuti tizipereka pang'onopang'ono nandolo akacha. Sitinaphonyepo. Mota ikulira mpaka lero, mumaimva muli muno mphepo ikachokera kumsika.

Njerwa za Nabanda ndinaumba, khoma ndinamanga, masiku anayi ndili m'fungo lija, pakamwa pouma. Amene akuti sizitheka abwere andifunse.

Tsopano inu amene muli ndi bokosi pansi pa bedi. Musadikire masherifu. Litulutseni sabata ino, muitane mwana kapena mnzanu wodziwa kuwerenga, akuuzeni pepala lililonse kuti ndi la chiyani. La inshuwalansi, ngakhale la chaka chimene munali mtsikana, musayatsire moto, musakulungire usipa. Limaoneka lakufa koma lili ndi mpweya. Mulijambule pafoni, lina mukasungitse kwa m'bale. Amuna anu akadali moyo, afunseni lero kuti amalipira kuti, ndipo akati "za amuna izi," muwauze kuti masherifu akabwera sapeza mwamuna, amapeza wamasiye. Ngati mapepala anatayika kale, kaya ndi moto, kaya napolo anakokolola, musakhale pansi n'kumalira. Chinthu chimene chinalipiridwa chimasiya mapazi: pagalasi, pa risiti, kwa amene ankagulitsa, m'mutu mwa amene analipo. Zimene mukukumbukira, zimangirireni ku chinthu cholembedwa, khadi la mwana, buku la kuchipatala, ndipo ophunzira adzakumverani.

Ndipo amene munamulakwira, pitani mukamuone. Ine ndinamuthawa zaka zonsezo ndikuyesa mdani, pamene iye ndi amene anasunga m'mutu chimene ine ndinagulitsa. Za mowa sindinena zambiri. Sindinalawe kuyambira tsiku la m'ngalande, koma kukhosi kumandikumbutsabe, makamaka mwezi umene malemu anatisiya. Zikatero sindikhala ndekha. Ndimapita kuchigayo kukapeta madeya mpaka zitadutsa.

Galasi lija tinaliika pakhoma la chigayo, mphepete yake ili poyera. A Khoviwa anasamutsira ntchito yawo ya njinga pakhonde pathu, pansi pa galasi lomwelo, chifukwa amene abwera kudzagayitsa amabwera panjinga. Tsiku limene anabwera ndi mwendo wawo watsopano kuchokera kuchipatala, anafika atavala nsapato ziwiri, zopolisha. Anaima pakhomo pa nyumba yanga, ndodo atasiya kwawo.

Anati, "Make Estere, mwandikwezera mtengo wa nsapato."

Ndinati, "Pepani, bambo."

Anati, "Kupepesa kunatha. Tiyeni tiyende limodzi mpaka kumsika. Inu ndi ine tonse ndife ophunzira kuyenda. Tione amene ayambe kugwa."

Njira ya kumsika kuchokera kwathu imadutsa pakhomo pa Nabanda, kenako m'mphepete mwa ngalande ija. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akutsimphina, ine ndikuyang'ana kutsogolo. Nabanda anaitana, ndinamuyankha moni osaima. Pangalande a Khoviwa anasuzumiramo, anati, "Mulibe munthu lero."

Tinafika kumsika tonse awiri, chilili.